Zenera la Kumpoto

Pa chilumba chathu cha Quenac palibe munthu wamutu wake amene amaika zenera lalikulu kumpoto. Mvula yonse imachokera kumeneko, ndipo siigwa choimirira ayi, imabwera chogona itaberekedwa ndi mphepo, n'kumapapasa khoma kufunafuna mng'alu. N'chifukwa chake nyumba zathu zimaifulatira. Khoma la kumpoto timalikuta ndi timatabwa tosanjikizana ngati mamba a nsomba, kuyambira pansi mpaka kudenga, osasiya ngakhale posuzumira mphaka.

Nyumba imodzi yokha ndiyo inkayang'anizana ndi mvula maso ndi maso: ya a Belarmino Chiguay, otsogolera mapemphero pa tchalitchi chathu masiku amene ansembe kulibe, omwe ndi pafupifupi masiku onse. Inaima pa mizati yake m'mphepete mwenimweni mwa madzi, moti nyanja ikadzaza kwambiri inkalowa kunsi kwake n'kumanong'ona pansi pa matabwa.

Nyumbayo inabwera pamadzi. Inali ya makolo a mkazi wawo, a Orfelina, ku Meulín, chilumba chija chimaoneka kutsidya kukayera. Atakwatirana, bambo a mkaziyo anati, "Tengani nyumbayi, ife tatsala awiri, kakhitchini katikwanira." Ndiye anachita monga timachitira kuno munthu akamasamuka. Anagulula mazenera onse kuti madzi azidutsa mkati osaigubuduza, anaikhazika pa mitengo iwiri ikuluikulu, ng'ombe zinaikokera kugombe anthu akukuwa ndi kuimba, ndipo madzi atakwera maboti anaikoka n'kuwoloka nayo. A Orfelina anali oyembekezera nthawi imeneyo. Anachonderera kuti akwere m'nyumba momwemo, koma anawakaniza. Anakhala m'boti atafunda shawelo, kuyang'ana nyumba imene anabadwiramo ikusambira pambuyo pawo ngati ng'ombe yofatsa, madzi akulowa pazenera ili n'kutulukira pa ilo.

Itafika kuno, amuna onse anafuna kuitembenuza kuti zenera la kukhitchini liyang'ane kum'mawa. A Belarmino anakana. Anali ataona kumene maso a mkazi wawo ankangobwerera.

"Lisiyeni liziyang'ana kwawo," anatero.

"Alamu, mwapenga kodi? Liwola musanamere imvi!" Amenewo anali a Audilio, mmisiri wa matabwa amene anakwatira mlongo wa a Belarmino, munthu woti pakamwa pake sipankapuma ngakhale ali ndi misomali pamilomo.

"Likawola tidzakonza."

Mumtima a Belarmino ankakumbukira munthu wa Mulungu uja wa ku ukapolo, amene popemphera ankatsegula mazenera oyang'ana kumzinda wa kwawo. Ngati Ambuye sanamudzudzule ameneyo, anaganiza choncho, sangadzudzule mwana wamkazi wa ku Meulín.

Linkawoladi. Chilimwe chilichonse a Belarmino ankapala ndere, kuchotsa thabwa lofewa, n'kukanda phala lomatira magalasi, lija la choko ndi mafuta, n'kulikanikiza ndi chala chachikulu kuzungulira galasi lililonse. Ukayang'anitsitsa unkaona zidindo za chala chawo m'phalamo, zina zaunyamata, zina zaukalamba, zitagundana.

Kenako zaka zinachita zake. Manja a a Belarmino anayamba kunjenjemera, moti kapu ya khofi ankaigwira ndi manja awiri ngati chikho cha paguwa. Nzeru za a Orfelina nazo zinayamba kuphwa monga imaphwera nyanja, pang'onopang'ono, kutenga za dzulo n'kusiya poyera zinthu zakalekale zimene aliyense ankati zinamira. Ankakhala pampando wawo pazenera tsiku lonse, kuyang'ana kutsidya. "Mawa tizipita kwathu, Bela," ankatero. Ndipo a Belarmino ankayankha kuti, "Mulungu akalola, mayi," chifukwa mawu amenewo si bodza. Koma zenera linakhala zilimwe zingapo osakhudzidwa. Madzi ankatsetsereka mkati n'kunyowetsa mpando, shawelo ndi chifuwa cha mwini mpando. Ndipo m'mawa wina anansi anawapeza a Orfelina ataima m'nyanja, madzi ali m'chiuno, kamtolo ka zovala kali pamutu, akudikira boti limene kulibe.

Yasna, mwana wawo yekhayo, anabwera kuchokera ku tauni ya Castro ndi boti lotsatira. Anagwira thabwa la m'munsi mwa zenera, chala chake n'kulowa ngati mu mbatata yophika.

"Bambo, taonani. Ichi ndi chiyani?"

"Ndi zenera, mwana wanga."

"Ndi siponji iyi, si zenera ayi. Ndipo ndi limene likuwaitana amayi. Akaona chilumba chija mtima umanyamuka, miyendo n'kutsatira. Titseke pano ndi matabwa ngati anthu ena onse, tiboole lina kum'mawa, aziona nkhosa."

"Amayi ako sanakwatiwe ndi nkhosa."

"Nanga anakwatiwa ndi nyanja?" Yasna anatembenuka n'kuyamba kusonkhezera chitofu chimene chinkayaka kale bwinobwino. "Ndapeza malo ku Castro, pafupi ndi kwathu. Masisitere amasamala anthu ngati amayi. Kuli mpanda, kulibe gombe."

A Belarmino anayang'ana mkazi wawo, amene ankasisita galasi ndi nsonga ya shawelo ngati akupukuta nkhope ya mwana. Anayesa kuganiza za khitchini imeneyi mpando uja uli wopanda munthu, koma maganizo anakana, monga ng'ombe imakanira pa mlatho wothyoka.

"Ndinalonjeza," anatero. "Tikonze lomweli. Alamu ako ali ndi mkungudza wa kuzilumba za kumwera, uja sudziwa kuwola."

"Ndi alamu anu, Bambo, kwa ine ndi amalume." Yasna anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino, konzani. Ndikhala mpaka Lamlungu. Koma akapitanso kugombe, ngakhale kamodzi, ndikwera nawo boti, ndipo musadzandiyang'ane ngati ndakuberani."

"Sindidzakuyang'ana choncho."

A Audilio anatenga miyeso, n'kupanga felemu yatsopano kwawo. Anafika nayo Lachisanu m'mawa ataisenza pamsana, ikununkhira ngati nkhalango itangovumbwa. Kunali chifunga tsiku limenelo, chija chimatsika mwakachetechete n'kufafaniza nyanja, zilumba ndi mlengalenga, n'kusiya dziko lonse loyera ngati nsalu ya ubatizo. Mphepo kunalibe. Kuno tsiku lotere ndi mphatso, chifukwa ukatsegula khoma la kumpoto mphepo ikuwomba umadya nkhomaliro ndi mvula m'mbale.

"Mwauka bwanji, a Bishopu?" anakuwa a Audilio ali pabwalo. "Ndabwera kudzakonza tchimo lanu la unyamata."

"Lowani, alamu. Koma lero pakamwa mutsukeko, muli m'nyumba ya mapemphero."

"Nyumba ya mapemphero yodontha chonchi? Apa ndiye madzi odalitsa simugula."

Anasuntha mpando wa a Orfelina n'kuuika pafupi ndi chitofu. A Audilio anachotsa magalasi limodzilimodzi, akale aja okhala ndi timafunde mkati, n'kuwapatsira Yasna kuti awagoneke pa bulangete. Kenako analowetsa chitsulo m'mbali mwa felemu yakale. Sinalimbane nawo n'komwe. Inangobuula kamodzi, n'kugwera panja zidutswazidutswa, ndipo pakhoma panatsala chibowo chachikulu. Chifunga chinaima pachibowopo kanthawi ngati mlendo woodira, kenako chinalowa.

A Orfelina anaimirira.

A Belarmino anali asanaone nkhope imeneyo kwa zaka zambiri. Makwinya onse analipo, koma kuseri kwake kunayaka nyale.

"Bela," anatero monong'ona. "Mwagulula mazenera."

"Tikukonza, mayi, lawola..."

"Mwagulula mazenera! Ndiye ndi lero! Bwanji osandiuza, nkhalamba yachinsinsi inu? Mbale zanga sindinamange!"

Anayamba kuyendayenda m'khitchini ndi changu cha mtsikana, kutsitsa makapu, kuwakulunga m'masokosi a ubweya, kuchotsa chithunzi cha Mtima Woyera pakhoma n'kuchifungatira. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu. Pa moyo wawo wonse anaona zenera la nyumbayi litachoka lathunthu kamodzi kokha, ndipo mwana aliyense wa zilumba zino amadziwa kuti nyumba ikagululidwa mazenera ndiye kuti ikupita pamadzi.

"Audilio, ng'ombe zili kuti? Madzi akwera posachedwa, inu mukungoti kakasi ndi hamala m'manja! Ndipo mumve bwino nonsenu: ulendo uno sindikwera boti. Ndikhala muno. Wondichotsa andinyamule."

Anakhala pampando, chithunzi chili pachifuwa, mapazi ataponda pansi zolimba.

Atatuwo anatuluka panja. Pabwalo udzu unali ndi mikanda ya madzi, ndipo nyanja inkamveka koma osaoneka.

"Mwaona?" anatero Yasna. "Tsopano tikabwezera zenera aona kuti sitinapite. Alira, ndipo mawa m'mawa tikawapeza m'madzi. Bambo, kawauzeni zoona panopa, kusanatalike."

A Belarmino moyo wawo wonse anaima patsogolo pa anthu kuwerenga mawu a choonadi. Anabatiza makanda obadwa nyanja itakwiya, anatsekera maso akufa, ndipo panalibe munthu pa Quenac amene akanati anawamvapo akunama, ngakhale pa kukula kwa nsomba. Anatembenuka n'kusuzumira pachibowo chija. Mkazi wawo anali atakhala mowongoka m'kati mwa chifunga, milomo ikugwedera ndi pemphero la apaulendo.

"Alamu," anatero a Audilio, mawu atatsika kwa nthawi yoyamba chibadwire, "ng'ombe, Lucero ndi Clavel, zili kubusa kuseri kuno. Goli lili m'khola. Ine bodza ndimalitha, ndinabadwa nalo. Inu musanene kanthu, mungokhala m'nyumba ndi akazi anu. Kukhala pansi si tchimo."

"Amalume, mukufuna tiwapusitse amayi ngati mwana?"

"Iwe, mwana ndi iweyo, ndinakunyamula ukununkha mkaka. Ntchito iyi itenga tsiku lonse, thabwa la pansi lawola mpaka mumtanda. Kodi ukufuna tsiku lonselo akhale akulira, kapena akhale ali paulendo?"

Yasna anayang'ana bambo ake. A Belarmino anavula chipewa n'kuyang'ana m'mwamba, mmene munalibe kanthu koma kuyera. Anakumbukira anthu anayi aja amene anasasula denga la mwini wake kuti atsitsire mnzawo wodwala pamapazi pa Ambuye, ndipo Ambuye sanafunse za denga, anangoona chikhulupiriro chawo.

"Katengeni ng'ombe," anatero.

Pa chilumba chaching'ono mawu amayenda msanga kuposa munthu. A Audilio atangoyamba kukuwa kuti "Lucero! Clavel! Tiyeni, alesi inu!" ndi unyolo ukulira pansi pa nyumba, zitseko zinayamba kutseguka m'chifungamo. Anthu anabwera kudzaona amene akusamuka osawapempha thandizo, zomwe kuno ndi chipongwe. Atamva nkhani, palibe anaseka. Azimayi anabwerera kwawo n'kubwera ndi mbatata zoti akande milcao, zitumbuwa zathu zija. Wina anabwera ndi nkhono zowamba, wina ndi chigubu cha chicha, mowa wathu wa maapozi, ndipo nkhalamba ina ya kuseri kwa tchalitchi inatulukira ndi akodiyoni imene inakhala chete chimwalirire mkazi wake.

Anamangirira unyolo ku mtanda wa pansi. A Audilio analola ng'ombe kukoka pang'ono chabe, mongokwanira kuti nyumba imve. Ndipo inamva. Inalira mfundo zake zonse, kuyambira kumizati mpaka kudenga, kulira kwa chinthu chimene chakumbukira. Makapu anagundana m'masokosi. Amuna anayika mapewa kukhoma n'kumakankha ndi kusiya, kukankha ndi kusiya, akukuwa monga timakuwira.

M'kati, a Belarmino anakhala pabenchi pafupi ndi mkazi wawo. A Orfelina anawagwira dzanja, ndipo kunjenjemera kwa dzanjalo kunaleka.

"Yanyamuka," anatero a Orfelina. "Mukumva?"

"Ndikumva, mayi."

Dzuwa litafika pamutu, kwinakwake kuseri kwa chifunga, nyanja inadzaza n'kulowa kunsi kwa nyumba. Inayamba kunyambita mizati, kenako kuwomba m'manja pansi pa matabwa, ndipo kuwala kwake kunkadutsa m'ming'alu ya pansi n'kumavina kudenga. Anthu anatulutsa ng'ombe m'madzi n'kukwera pamtunda, mawu awo n'kumamveka patali, monga amamvekera anthu otsala pagombe. Pachibowo cha zenera panalibe dziko, panalibe mtengo kapena mwala woti munthu anene kuti tili pakutipakuti. Panali kuyera kokhakokha, kukuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanja kupita kumanzere. Atsekwe awiri a makosi akuda anadutsa pafupi, akuyandama pa chinthu chosaoneka, n'kuzimirira.

A Belarmino anadabwa kuona kuti m'mimba mwawo mukuchita monga mumachitira m'boti. Anagwira benchi. Ankadziwa bwinobwino kuti mizati ili m'nthaka momwe anaikumbira okha, koma thupi silinkamva zimenezo. Nyumba inkayenda. Inkadutsa pamwamba pa nkhalango za m'madzi, pamwamba pa maboti omira ndi anthu awo, ndipo anawaona m'maganizo anthu onse amene anawaika m'manda kapena amene nyanja sinawabweze, atayang'ana m'mwamba kuona pansi pa nyumba ikudutsa ngati mtambo. Sanachite mantha. Zinali ngati tsiku lija lisanayambe kuwerengedwa, pamene kunali madzi okhaokha ndi Mzimu ukufungatira pamwamba pake.

Kumtunda akodiyoni inayamba nyimbo ija timaimba poperekeza boti, kaya la ukwati kaya la maliro, ndipo azimayi anailandira:

Inu munayeza nyanja m'dzanja,
musatiyeze ife, ndife ochepa;
gwirani chingwe, tiwoloke.

A Orfelina anaimba nawo, mawu onse, osaphonya ngakhale limodzi, iwo amene dzulo lake anaiwala dzina la supuni.

Yasna anali ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa, osalowa osatuluka. Amayi ake anali atatha miyezi akumutcha "mtsikana wa kuchipatala". Tsopano anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Yasna, khala pansi iwe, ugwera m'madzi. Sunasinthe. Ulendo woyamba uja unali m'mimba, unandimenya mateche kuchokera ku Meulín mpaka kufika."

Yasna anatsetsereka n'kukhala pansi pomwepo, pamatabwa, n'kutsamira mutu pa maondo a amayi ake. A Orfelina anayamba kumupesa tsitsi ndi zala.

Nthawi yonseyi a Audilio anali panja pa makwerero, madzi ali m'mawondo mwa makwererowo, akugwira ntchito mwakachetechete kuposa mmene anagwirirapo. Anadula chowola chonse mpaka kupeza thabwa lolira bwino akaligogoda. Anaika la m'munsi latsopano lopendekera kunja, n'kulichekera kamzere kunsi kwake kuti dontho likafika pamenepo ligwe pansi, lisabwerere kukhoma. Nthawi ndi nthawi mutu wawo unkatulukira pachibowo.

"Amalinyero, zikuyenda m'katimo? A Bishopu sanasanze?"

"Yang'anani kutsogolo, Audilio, mutigundanitsa ndi miyala!" anakalipa a Orfelina. "Munthu mmodzimodzi yemweyu, pakamwa ngati chitseko chopanda loko."

"Pepani, a kapitawo."

Anadya milcao wotentha amene anawapatsira kudzera pachibowo chomwecho. Kenako a Orfelina anawodzera, dzanja lili m'tsitsi la mwana wawo, ndipo madzi anayamba kubwerera mwakachetechete monga anabwerera.

Dzuwa litapendeka, amuna anakweza felemu yatsopano n'kuilowetsa. Inakhala ngati inabadwira pomwepo. A Audilio anabwezera magalasi akale aja, limodzilimodzi, n'kuwagwiriza ndi timisomali. Atatero anatenga mpira wa phala lomatira, n'kuufewetsa m'manja, n'kuupereka kwa alamu awo.

"Ili ndi gawo lanu. Ine ntchito za ana a sukulu sindigwira."

"Manja anga, alamu..."

"Akanjenjemera ndiye bwino, phala lilowa lokha. Bwerani, ndikugwirirani makwerero. Mukagwa, pamaliro ndikuimbirani ine, ndiye muyesetse musagwe."

A Belarmino anakwera. Anakanikiza phala ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kuzungulira galasi lililonse. Mzere wake unali wokhotakhota, koma unagwira. Pomwe manja analephera, Yasna anamalizitsa, moti pa galasi la pansi kumanzere pali zidindo ziwiri zosiyana mpaka lero.

Atalowanso m'nyumba anapeza a Orfelina atadzuka, akuyang'ana zenera. Kuno mazenera amabwezeredwa nyumba ikafika. M'khitchini munali bata, fungo la mkungudza ndi mafuta. 

"Bela," anatero. "Tafika?"

A Audilio anatsegula pakamwa kuti awathandize, koma a Belarmino anakweza dzanja. Funso linali lawo. Anayang'ana chitofu chimene anachikoleza m'mawa uliwonse wa ukwati wawo, mtanda umene Yasna ankayezerapo msinkhu, pansi pamene maondo a anthu awiri anasalalitsa popemphera korona madzulo. Anafufuza mumtima mwawo bodza limene ankaliopa tsiku lonse, koma sanalipeze.

"Tafika, Orfe," anatero. "Tili kwathu."

Anasunthira mpando pamalo pake. Ndipo monga zimachitikira madzulo a masiku otere, chifunga chinayamba kung'ambika. Poyamba panaoneka madzi, otuwa ngati mtovu, kenako agolide. Kenako kutsidya kunatulukira chilumba, chobiriwira, chonyowa, chikuwala, ndi kansanja ka tchalitchi ndi utsi wa nyumba ziwiri zitatu. Yasna anagwira mkono wa bambo ake. Icho chinali Meulín, poyera, pamalo pake pa masiku onse. Tsopano amayi aona, tsopano adziwa.

A Orfelina anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta galasi ndi nsonga ya shawelo.

"Taonani Quenac uko," anatero. "Kuchepa kwake! Ndiye tinakhala zaka zonse zija pa kanthu kakang'ono chonchija?"



"Koma tinakhala bwino, Bela. Anthu ake abwino, kungoti alamu anu aja ndi olongolola. Ndi mvula, mayo ine, mvula ya kumene kuja!" Anapukusa mutu akuseka. "Mwachita bwino kuliyang'anitsa komweko zenerali. Ndizikuona ndili pano. Kubwererako ndiye ayi, ndakalamba nazo za pamadzi."

Anawerama, n'kuvula nsapato za mphira zimene ankagona nazo chiyambire kudwala, n'kuzikankhira pansi pa benchi.

"Amayi anga ndikawaona Lamlungu," anawonjeza. "Agona kuseri kwa tchalitchi, sathawa."

Loweruka a Belarmino anadzuka kusanayere bwino, mtima uli m'mwamba, n'kupeza mkazi wawo ali m'khitchini akumasula makapu m'masokosi ndi kudandaula kuti anthu osamutsa a masiku ano sasamala katundu. Chithunzi cha Mtima Woyera chinali chitabwerera pa msomali wake. Kugombe kunali mbalame zokha.

Lamlungu atatha mapemphero anapita nawo kumanda. Manda athu amakhala ndi tinyumba tamatabwa, tamadenga ndi timazenera, kuti ogona asanyowe. A Orfelina anayenda molunjika, osafunsa njira, mpaka pa kanyumba ka amayi a a Belarmino, apongozi awo, amene anawalandira pagombe tsiku lija ndi bulangete louma. Anagwada n'kupukuta kazenera kake.

"Amayi, ndabwera," anatero. "Ndachedwa, koma ndabwera ndi nyumba yomwe."

Yasna anakwera boti la masana yekha. Asanakwere anawakumbatira bambo ake n'kunena m'khutu kuti, "Mukaona nsapato zija zatuluka pansi pa benchi, mundiimbire."

"Ndidzakuimbira, mwana wanga. Ndalonjeza."

Mvula ya kumpoto inafika sabata yotsatira, yochuluka, yaukali, yogona chammbali monga mwa nthawi zonse. Inamenya zenera usana wonse, n'kupapasa m'mbali, n'kufufuza m'makona, koma inangotsetsereka pa thabwa lopendekera lija n'kugwa pansi. A Orfelina anakhala pampando wawo wouma, akuluka sokosi. Mvula ikapumira pang'ono, chilumba cha kutsidya chinkatulukira m'magalasi a timafunde aja, chikugwedezeka ngati nachonso chili paulendo, ndipo iwo ankakweza dzanja n'kuchibayibitsa.

"Kodi kumene kuja akutsogolera mapemphero ndani tsopano, poti inu mwachoka?" anafunsa tsiku lina.

A Belarmino anaika chikuni m'chitofu, n'kutseka kachitseko.

"Nkhalamba ina yake," anatero. "Manja ake amanjenjemera, koma Ambuye akuigwirizabe."

"Tiziyipempherera," anatero a Orfelina, n'kupitiriza kuluka.